Windows wachiwiri m'fayilo imodzi: ntchito ya kashopu ka pa Kamuzu Road ku Salima

Ndimasunga mabuku a ndalama a kagulu ka alimi a mpunga kuno ku Salima, ndipo pulogalamu imene timalemberamo ngongole za feteleza ndi matumba okololedwa yakhala pa Windows 10 kwa zaka zingapo. Microsoft itasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndinafuna kuona kaye ngati pulogalamuyo ingayende pa Windows 11, chifukwa munthu safufuta mabuku a anthu ena pongofuna kulawa chatsopano. Ndinayamba ndayesa VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa Windows wina m'kati mwa amene alipo kale, koma RAM (memore imene kompyuta imagwirira ntchito) ya 8 GB itagawidwa pakati, laputopu inayamba kukwawa, fani ikulira ngati chigayo m'kutentha kwathu kuno.

Ndinaitengera ku kashopu kena ka pa Kamuzu Road, kumene amakonza mafoni ndi makompyuta. Mnyamata wa pa kauntala atamva nkhani yanga anati, "Bambo, disiki yanu sitiigawa ndipo sitifufuta kanthu, Windows 11 timuika m'fayilo imodzi, ndipo poyatsa muzisankha amene mukumufuna." Fayilo imeneyi ndi ya mtundu wa VHDX, imene kompyuta imaiona ngati hadi disiki yeniyeni ngakhale kuti yangokhala mu foda pamodzi ndi mafayilo ena. Njirayi si yachilendo, pakuti Microsoft inaibweretsa ndi Windows 7 mu 2009, ndipo VHDX, imene inadza mu 2012, inakonzedwa kuti isamaonongeke msanga magetsi akathima mwadzidzidzi, zimene kwa ife si nkhani yaing'ono.

Anagwira ntchito ine ndikuona, ndipo chimenechi ndinachiyamikira kwambiri. Anatsegula diskpart, chida cha mu Windows chokonzera madisiki, napanga fayilo ya 80 GB, kenako anatsanuliramo Windows 11 ndi lamulo la DISM kuchokera pa fulashi yake, n'kumaliza ndi bcdboot kuti dzina latsopano lilowe pamndandanda woonekera poyatsa. Ola limodzi lisanathe, sikirini inali ndi maina awiri. Kusiyana kwake ndi VirtualBox kunaoneka pomwepo, chifukwa pano Windows 11 sakhala mlendo m'nyumba ya mnzake. Akayatsidwa, RAM yonse, purosesa ndi Wi-Fi zimakhala zake, Windows 10 ali chigonere. Mtengo umene anandilipiritsa unali wochepa poyerekeza ndi kugula disiki yachiwiri, ndipo sanayese kundikakamiza kugula kanthu kena.

Pamene ndikuwadandaula ndi pa zimene sanandiuze. Fayilo imene anapanga inali ya mtundu wokula pang'onopang'ono, moti ndikaiyang'ana ndili pa Windows 10 inkaoneka yaing'ono, ndipo ine ndinaganiza kuti malo otsalawo ndi anga. Patapita masabata atatu ndinakopera mavidiyo a ukwati wa mdzukulu wanga, disiki yanga ya 256 GB n'kutsala pang'ono kudzaza. Tsiku lotsatira, mlembi wa gulu atakhala pambali panga kudikira chiwerengero cha ngongole, ndinasankha Windows 11 ndipo sikirini inangosanduka yabuluu, chizindikiro chakuti Windows walephera kudzuka. Mtima unandigunda, poganiza kuti ntchito ya masabata atatu yapita.

Nditabwerera kushopu, mnyamata uja anaseka pang'ono nati, "Pepani bambo, ndinaiwala kukuuzani." Anafotokoza kuti fayilo yotere, panthawi yoyatsa, imafuna malo ake onse a 80 GB, ndipo ikawasowa Windows amakana kudzuka, koma ukathimitsa, fayilo imabwerera pa msinkhu wake wakale, n'chifukwa chake malowo amaoneka ngati alipo. Anasamutsira mavidiyo pa fulashi, zonse n'kubwerera mwakale popanda chotayika, ndipo sanandilipiritse kachiwiri. Komabe mawu awiri okha pa tsiku loyamba akanandipulumutsa ku ulendo wa kabaza ndi manyazi pamaso pa mlembi. Amene angapite kukachititsa ntchito yomweyi apemphe fayilo ya msinkhu wokhazikika, imene imatenga malo ake onse kuyambira pachiyambi, kuti diso lisanyengeke.

Zina ziwiri ndinazitulukira ndekha, ndipo ndi malire a njirayi, osati kulakwa kwa shopu. Windows wa m'fayilo alibe hibernate, njira yothimitsira kompyuta ikusunga zonse zimene zinali zotsegula, kotero batire ikafooka magetsi atathima, muyenera kusunga ntchito yanu n'kuthimitsa kwenikweni. Komanso zokonza zazing'ono za mwezi ndi mwezi zimalowa bwinobwino, koma kukweza Windows yense kupita ku mtundu wina kuchokera m'kati mwa fayiloyo kumakanika, ndipo mnyamatayo akuti zikafika pamenepo n'kwapafupi kupanga fayilo ina.

Chimene chandikomera koposa n'chakuti Windows 11 yense, ndi pulogalamu ya mabuku ili m'kati mwake, ndi fayilo imodzi imene ndimaikopera pa disiki yakunja Loweruka lililonse ndili pa Windows 10. Pulogalamuyo ikuyenda bwino, ndipo pulinta yathu yakale yavomera itapatsidwa dalaivala wina, kapulogalamu koiyendetsa. Malisiti a nyengo ino ndawasindikizira kumeneko, koma Windows 10 ndamusiya pamalo pake mpaka alimi onse atamaliza kubweza ngongole.