Foni, kakamera ka pachifuwa kapena drone, ndi chiti chogwira ntchito paphiri

Anzanga timakwera nawo Michiru ndi Soche Loweruka aja andivuta mokwana, aliyense akangoona kavidiyo kanga ka ku Kilimanjaro basi aise unajambula ndi chani, ndigule chani. Ndiye ndiyankhe kamodzi pano. Ineyo ndinanyamula foni, kakamera kaja komangirira pachifuwa ndi drone yobwereka, pomwe mnzathu wina anabwera ndi chikamera chachikulu chosintha malensi. Pokwera phirilo tinadzera njira ya Machame, masiku 7.

Ya drone ndi yachidule. Ndinainyamula kuchokera pa Wenela, Karonga, boda ya Songwe, Mbeya mpaka Moshi, ndikuifukatira ngati khanda m'basi monse, kufika kumeneko gayidi wathu anangoseka nkuti bwana iyi itsala kuno ku loji. Ku Tanzania drone imafuna kulembetsa kaye ku TCAA, bungwe loona za ndege kumeneko, ndipo phiri lija ndi national park ndiye pamafunikanso chilolezo china cha mapaki, zinthu zoyamba kuyendetsa usananyamuke nkomwe. Sinauluke olo sekondi imodzi. Kulakwa ndi kwanga, sindinafunse.

Chikamera chachikulu zithunzi zake palibe wotsutsa. Koma chikwama chako cha makilo 15 amanyamula ndi maporter ndipo umakachionanso madzulo ku kampu, kutanthauza kuti kamera ili pamsana pako limodzi ndi madzi malita atatu ndi jekete. Pofika ku Lava Tower, mamita 4,600, mutu ukuwawa mpweya ukupereweza, mwini wake anasiya kuitulutsa nkumatipempha ife a mafoni kuti timujambule.

Tsono kakamera kaja, apa pokha mundilole nditaye nthawi chifukwa mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Ndinakagula mu shopu ina ku Limbe, dzina lake losadziwika koma pabokosi analemba 4K ndi zilembo zikuluzikulu, maonekedwe ndendende GoPro, mtengo wake ndalama ya lendi ya mwezi umodzi. Wogulitsa anandiikirapo memory card ya 256GB ati basela, ine kumwetulira kuti lero ndadya bwino. Kunyumba ndinakayesa mphindi ziwiri pakhonde, kujambula ana akusewera, zinatuluka bwinobwino.

Vuto loyamba linaoneka ku kampu ya Shira m'mawa. Batire yomwe ku Blantyre imatha ola limodzi kumeneko imazima usanamalize kunena kuti tadzuka bwanji. Mabatire onse a lithium amafooka kukazizira, izi nzoona ngakhale pa zipangizo zodula, koma aka kanali kopitirira, ndipo paphiri palibe soketi, makampu a Machame ndi matenti okhaokha. Ndiye kamangomwa power bank yanga usiku uliwonse ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Izo ndinapirira. Chomwe chinandipha ndi khadi ija. Pa Barranco Wall, khoma lomwe umakwera ndi manja onse awiri ukukumbatira mwala, ndinakayatsa kuyambira pansi mpaka pamwamba, kagetsi kofiira kakuphethira bwinobwino kusonyeza kuti kakujambula. Titatsika ku Moshi ndinaika khadi mu laputopu ya mnzanga, mafayilo onse alipo mayina ake ndi masaizi ake, koma kutsegula, a tsiku loyamba okha ndi theka la tsiku lachiwiri ndi omwe amasewera. Ena onse mdima. Ndinapita nayo kwa anyamata okonza makompyuta mtauni muno nditabwerako, anandilipiritsa ndithu, kenako nkundiuza kuti akulu khadi iyi ndi yabodza, mkati mwake ndi 16GB yokha koma anaisintha kuti izinamiza kamera kuti ndi 256. Malo enieni akadzadza kamera imapitiriza kulemba m'malere, palibe chobwezeretsa chifukwa sichinasungidwe nkomwe. Masiku asanu aulendo womwe ndinausungira ndalama zaka ziwiri. Nditabwerera ku shopu ija anati basela sabweza.

Ndiye chonde khadi iliyonse musanakwere nayo basi, iyeseni pa kompyuta ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamadzadza khadi yonse nkuwerenganso kuti muone saizi yake yeniyeni. Zimatenga maola koma zisiyeni usiku ngati magetsi alipo. Ndipo ya 4K pafunika yolembedwa U3 kapena V30, zizindikiro za liwiro la khadi.

Kavidiyo mukuyamikira kaja konse ndi ka foni, Samsung yanga yakale yosweka pakona. Ndinkaiika pa airplane mode tsiku lonse, m'thumba lamkati mwa jekete pafupi ndi thupi, usiku ndimagona nayo mu sleeping bag pamodzi ndi power bank ya 20,000mAh. Usiku womaliza tinanyamuka ku kampu ya Barafu cha m'ma 12 koloko, mdima wokhawokha ndi matochi apamutu, palibe chojambula mpaka dzuwa litayamba kutuluka pafupi ndi Stella Point. Pa Uhuru Peak, pansonga penipeni pa phiri, mamita 5,895, foni inayaka ili ndi moto wokwanira, ndinajambula masekondi 40 manja akunjenjemera. Paja Sapitwa wathu ndi 3,002, ndiye ganizani kuzizira kwake.

Sindikunama kuti foni ilibe zovuta. Sikirini simva magolovesi ndiye umavula, zala nkuuma nthawi yomweyo. Mphepo imaononga mawu onse, theka la zomwe ndinayankhula sizimveka, kamaikolofoni kotchipa kokhala ndi kaubweya kaja kakanathandiza. Ndipo pamalo ngati Barranco foni ilibe ntchito, sungaigwire. Mzungu wina m'gulu loyandikana nafe anali ndi GoPro yeniyeni ndipo zomwe anationetsa ku Mweka potsika zinali zosalala ngati wayenda pa tala, apo ndinavomera ndithu.

Komabe mukandifunsa ine, ndalama zanu gulani power bank yabwino ndi magolovesi, foni muli nayo kale. Amene thumba likulola gulani GoPro kapena DJI Osmo Action yeniyeni ndi mabatire awiri apadera, osati tija tofanizira, ine ndiye tija sindifuna kutionanso olo mutandipatsa ulere. Opita pandege power bank ikhale mu chikwama cha m'manja, yoposa 100Wh imafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Ndipo chilichonse mwagula kachiyeseni kaye ku Mulanje mu June kapena July, mugone ku Chisepo hut, mmawa muone ngati chiyake. Kanga kaja pano ana akuseweretsa m'beseni, madzi okha ndiye sikalowadi.