Miyezi 10 ndi mbale ya galasi, nazi zomwe ndaona

Mu Disembala mlamu wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg atanditengera mbale yophikira mu uvuni, yokhala ndi chivundikiro chake, komanso tiipoti. Zonse za galasi, ndipo pabokosi analemba kuti borosilicate. Poyamba ndinkaziopa. Ndinakulira pakhomo poti ukathira tiyi wowira m'tambula ya galasi, imangoti thee! n'kung'aluka.

Tiipoti ija ndimaithira madzi obwadamuka m'mawa uliwonse, ngakhale mu Juni muja kukuzizira, koma mng'alu ilibe. Galasi la borosilicate amalisakaniza ndi mankhwala otchedwa boron oxide, pafupifupi 13 peresenti, ndiye likatentha limafufuma pang'ono chabe, ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a mmene galasi wamba limachitira. N'chifukwa chake mkati mukatentha kunja kudakali kozizira silisweka msanga. Analitulukira ndi Otto Schott ku Jena, m'dziko la Germany, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Koma yomwe yandigwira mtima ndi mbale. Chigumu ndimachiona pansi ndi m'mbali chikamafiira, sindichitanso kuganizira ngati chapsa. Dzulo ndaikamo chambo cha tomato, lero ndaphikiramo keke ya ana, fungo la nsomba osamveka n'komwe. Makontena anga apulasitiki onse anafiira ndi supu, iyi ikungowala ngati yatsopano. Zoyera zomwe madzi a pamjigo amasiya m'tiipoti zimachoka ndi madzi a ndimu.

Chovuta chilipo. Galasili limapirira kutentha, koma kugunda ayi. Mu Epulo chivundikiro chinandipulumuka m'manja muli sopo n'kugunda mpopi, ndipo chinabenthuka m'mphepete. Pobenthukapo m'pakuthwa ngati lezala, moti ndinachisiya. Zinandipweteka, chifukwa chivundikiro chokha sindinachipeze m'sitolo.

Magetsi akazima chakudya chili mkati, mtima umafuna kungoitereka mbaleyo pambaula. Musatero. Makala amatenthetsa malo amodzi kwambiri, ndipo mbale ya mu uvuni sanaipangire zimenezo. Ikatuluka mu uvuni ndimaitsamiritsa pathabwa kapena pansalu youma, osati pasimenti yonyowa.

Mukamagula, dzina lokha lisakukopeni. Mbale ya galasi ya dzina la Pyrex anayamba kuigulitsa mu 1915 ili ya borosilicate, ndipo yopangidwa ku France ikadali choncho, koma ya kukhitchini ya ku America masiku ano ndi galasi wamba lolimbitsidwa. Werengani pabokosi. Mlamu ndamutuma kale ina yocheperako, ya ndiwo zotsala.