Girayinda, sowo kapena moto wa gasi: chodulira sipuling'i za galimoto n'chiti?

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zikangofika mu Blantyre, eni ake amayamba afunsa za kuzikweza kuti sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, isamagunde pa mahampu. Ndiye wina angadabwe kuti nkhani yodula sipuling'i ikuchokera kuti. Ilipo ndithu. Pali achinyamata ofuna Polo kapena Runx ikhale pansi kuti izioneka bwino, ndipo pali ena, ine ndili m'gulu limeneli, amene anagula sipuling'i zakale ku Ndirande kapena ku Limbe n'kupeza kuti n'zazitali, galimoto yaima chotukula kumbuyo ngati nkhuku ikutola chimanga.

Chimene chimasiyanitsa zida zonse zodulira ndi kutentha basi. Waya wa sipuling'i si chitsulo wamba ngati cha mabagalabazi. Kufakitale amauwotcha mpaka kufiira, n'kuuziziritsa mwadzidzidzi kuti ulimbe, kenaka n'kuutenthetsanso pang'ono, pa madigiri pafupifupi 400 mpaka 450, kuti uzipindika n'kubwerera osathyoka. Mukautenthetsa kupyola pamenepo, mwafufuta ntchito yonse ija. Ukazizira wokha umafewa ndipo umangophwa pansi pa katundu. Mukauthira madzi uli wofiira umauma gwa ngati galasi, tsiku lina udzangoti phwa.

Ndiyambe ndi gasi popeza ndi amene anandipweteka. Pa galaja ina, imene sinditchula, anandiuza kuti, "Bwana, osavutika n'kumasula, tingoiwotcha ili pomwepo ikhala yokha." Anayatsa moto wa gasi, n'kuloza pakati pa sipuling'i ya kumbuyo ya Corolla yanga ili pagalimoto, mpaka koyilo imodzi, ndiye kuti mkombero umodzi wa waya, inafiira n'kugonera inzake. Mphindi zisanu ntchito yatha, ndalama yochepa, ine kumwetulira. Koma moto suyezedwa ndi tepi. Mbali ya kumanzere inatsika kuposa ya kumanja, ndipo patatha milungu yowerengeka inapitiriza kutsika yokha. Inadzathyokera pamalo owotchedwa paja ndili pamsewu wopita ku Machinjiri, nditanyamula matumba awiri a chimanga. Lawi la gasi wowotcherera limapyola madigiri 3,000, pamene chitsulo chimasungunuka cha pa 1,500. Ndipo kumbuyoko n'kumene kuli thanki ya petulo ndi mapaipi a mabuleki. Tsiku lija za thanki sindinaziganize n'komwe.

Ndisawanamizire onse ogwiritsa ntchito gasi. Alipo amisiri amene amachotsa sipuling'i kaye, n'kukulunga mbali yotsala ndi chiguduli chonyowa, n'kudula nsongayo mwachangu. Zimenezi n'zabwinoko kuposa zimene anandichita ine. Komabe kutentha kumayenda ndi waya patali, ndipo podulapo pamatsala pokakala, pofuna kusalaza ndi girayinda. Nanga ngati girayinda ili pomwepo, n'kuyambiranji ndi moto?

Kudula ndi makina owotcherera a magetsi, kukweza mphamvu n'kumasungunula waya ndi ndodo, ndiye ayi. Timadontho ta chitsulo chosungunuka timagwera pa makoyilo oyandikana nawo, ndipo pamene tagwera m'pamene mng'alu umadzayambira. Chodulira mabawuti chachikulu chija nachonso chisiyeni, mungobenthula mano ake.

Sowo yodulira zitsulo anthu amaiderera, koma pa nkhani ya kutentha palibe choiposa. Waya sufunda n'komwe, simufuna magetsi, ndipo tsiku limene azima m'mawa wonse ku Chilobwe ndi yokhayo imene imagwirabe ntchito. Vuto lake ndi mpeni. Mipeni yotsika mtengo ya pamsika imatha mano musanalowe ngakhale mamilimita awiri, imangotsetsereka pamwamba n'kumalira. Pamafunika mpeni wa bi-metal, wopangidwa ndi zitsulo za mitundu iwiri, wa mano 24 kapena 32 pa inchi, ndipo khalani ndi wina wapadera m'thumba. Yambani mwatema kamzere ndi ngodya ya tupa kuti sowo ipeze pogwira, donthezani oyilo pang'ono, musamakankhe mothamanga. Ine sipuling'i imodzi inanditengera mphindi zoposa 20 ndi thukuta lodzadza malaya. Ziwiri za kumbuyo mutha kupirira. Zinayi, mkono udzakuuzani m'mawa mwake.

Girayinda ndi imene ndimasankha, koma ya disiki yoyenera. Tengani girayinda yaing'ono ya mamilimita 115 ndi disiki yopyapyala yodulira, ya milimita imodzi. Disiki yonenepa yosalazira, ya mamilimita 6, imadya chitsulo chambiri ndipo imatenthetsa waya pachabe. Waya wa sipuling'i ya galimoto yaing'ono umakhala cha m'ma mamilimita 12, ndipo disiki yopyapyala imaudutsa isanathe mphindi imodzi. Kutentha kulipo, inde, koma kumathera pa kansonga kokha, kamene kamakhala phee osapindika pa mpando wake, potsamira sipuling'i pagalimoto. Muziyang'ana mtundu wa chitsulo. Chikayamba kubiriwira ngati chabuluu ndiye kuti chafika cha pa madigiri 300. Imani, pukutani ndi nsalu yonyowa, pitirizani.

Girayinda imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo disiki yopyapyala ikapotoka mumpata imasweka n'kuuluka. Pa magalaja ambiri a m'mbali mwa msewu mupeza chotchingira chake anachichotsa kalekale, mnyamata akudula ataponda sipuling'i ndi patapata, maso atatsinzina. Panani sipuling'iyo pa vayisi, valani magalasi, ndipo moto wothethekawo uloze kutali ndi chigubu cha petulo ndi galasi la galimoto, chifukwa umasiya timadontho tosachoka.

Chida chilichonse chimene mungasankhe, sipuling'i idulidwe itachotsedwa pagalimoto, ili yomasuka. Za kumbuyo pa galimoto monga Vitz kapena Probox sizivuta kwenikweni: mukaimika galimoto pa zochirikizira zolimba, n'kumasula shoko ndi kutsitsa ekiselo pang'onopang'ono ndi jeke, zimatuluka. Za kutsogolo n'zina. Zimakhala zopanikizidwa pa shoko, ndipo kumasula nati ya pamwamba popanda zopanira sipuling'i n'kudziwombera wekha. Zomanga ndi waya kapena malamba a mphira ndaziona, koma ine sindiima pafupi.

Yang'ananinso nsonga zake musanagule n'komwe disiki. Sipuling'i yodulika ndi imene waya wake umangothera m'malere, mkombero womaliza uli wofanana ndi inzake. Ngati nsongayo ndi yopanikizidwa n'kusalazidwa kuti iime chilili, kapena mkombero womaliza ndi waung'ono wopiringizika ngati mchira wa nkhumba, mukadula siidzakhalanso pa mpando wake. Sipuling'i zambiri za kumbuyo zili ndi mchira wa nkhumba mbali imodzi, ndiye mumadula mbali inayo. Zikakhala choncho mbali zonse, bwererani nazo kwa amene anakugulitsani.

Chinanso chimene ambiri sayembekeza n'chakuti sipuling'i yodulidwa imauma, siifewa. Ngati makoyilo ogwira ntchito anali 6 inu n'kuchotsa imodzi, kuuma kwake kumakwera ndi 20 peresenti, pamene shoko ndi yomwe ija yakale ndipo malo ake oyendamo achepa. Pa Masauko Chipembere Highway simudzamva kanthu. Mudzamva mukakhota kulowa ku Bangwe nthawi ya dzinja.

Nditagula sipuling'i zina zolowa m'malo mwa zowotchedwa zija, nazonso zinali zazitaliko. Ulendo uno ndinayeza ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa bodi, mbali zonse, galimoto ili pamalo athyathyathya. Ndinalemba ndi choko pamalo ofanana pa sipuling'i zonse ziwiri, n'kudula kota ya koyilo yokha, kubwezeretsa, kuyenda nayo mpaka ku Ginnery Corner n'kubwerera kuti ikhazikike, kenaka kuyezanso. Ndinabwereza kachiwiri, n'kuimira pa theka la koyilo. Nsonga ndinaisalaza ndi tupa kuti isaboole labala ya pa mpando, n'kuipaka penti kuti dzimbiri lisalowe. Pomaliza ndinakweza galimoto ndi jeke mpaka tayala kulendewera, n'kugwedeza sipuling'i ndi dzanja. Ikanagwedera, ndiye kuti pa hampu yoyamba ikanatha kuchoka pa mpando wake. Inali nganganga. Ndikanakhudza za kutsogolo, ulendo wotsatira ukanakhala wa ku alignment, kokawongoletsa matayala.