Mira, Passo, Vitz kapena Fit: iti ingapirire misewu ya ku Salima?

Ophunzira a ku Salima amene akufuna kujambula podikasiti (pulogalamu yomvera pa intaneti) yoyerekeza galimoto zotsika mtengo ali ndi mwayi woti misewu yoyeserapo ili pakhomo. Msewu wa M14 wopita ku Lilongwe uli ndi mitunda italiitali, wa M5 wopita ku Nkhotakota kudzera pa Khombedza ndi Benga umayesa miyendo ya galimoto, ndipo dzuwa la mu Okutobala limaulula redieta iliyonse yodwala. Mukangozungulira pa Kamuzu Road, galimoto iliyonse imaoneka yabwinobwino, choncho musagamulire pamenepo.

Tiyambe ndi Daihatsu Mira, popeza ndi imene ambiri amaithamangira akamva za mafuta. Injini yake ndi ya 660cc, masilinda atatu, ndipo inapangidwira anthu anayi basi. Pa ulendo wa ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni, palibe ina mwa zinayizi yoiposa pa kusunga petulo. Koma ikwezeni anthu anayi, muyatse AC, mulowere ku Mvera. Injini imalira kwambiri liwiro lili lochepa, ndipo phindu la mafuta lija limayamba kusungunuka chifukwa phazi silichoka pansi. Kupitirira lole pamtunda kumafuna msewu wautali woonekera bwino. Vuto lina ndi loti injini yaing'ono chonchi imazungulira mothamanga nthawi zonse, ndiye mwini wake woyamba akakhala kuti ankachedwa kusintha oyilo, imayamba kumwa oyilo. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo musuzumire: mukaona phala lakuda lokakamira, isiyeni ngakhale penti ikhale yowala bwanji.

Mpikisano weniweni uli pakati pa Passo ndi Vitz, chifukwa za 1000cc zimagwiritsa ntchito injini imodzimodzi, 1KR-FE, ya masilinda atatu ndiponso ya tcheni osati lamba wa taimingi. Imalowa oyilo pafupifupi malita 3, ndipo amakaniko ambiri anaizolowera. Chizolowezi chake ndi kunjenjemera ikaima giya ili pa D. Pang'ono ndi chibadwa cha masilinda atatu, koma chiwongolero chikamagwedezeka mpaka m'mikono, ma mounting, zogwirizira injini ku thupi la galimoto, atha. Yang'ananinso pansi pa pampu ya madzi ngati pali zoyerayera kapena zofiirira zouma, chizindikiro choti madzi akudontha. Kuno kotentha, kadontho kotere kamatha kupsereza gasiketi.

Zimasiyana pa giyabokosi, ndipo apa m'pamene pagona ndalama. Passo ya pakati pa 2004 ndi 2010 ili ndi otomatiki wamba ya magiya anayi. Imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono pa ulendo wautali, koma imapirira, ndipo ikavuta wokonza amapezeka. Vitz ya 2005 mpaka 2010 yokoka ndi matayala akutsogolo ili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imayenda ndi lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri. Imayenda mosalala, koma imafuna oyilo wakewake wa CVT. Wina akathiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, poti ndiye wapezeka pafupi, lamba amayamba kuterereka, ndipo mapeto ake nthawi zambiri n'kugula giyabokosi ina. CVT imadananso ndi mchenga: mukatitimira kunyanja n'kumaponda mafuta matayala akuzungulira pamalo amodzi, oyilo amatentha msanga. Dziwaninso kuti Passo za kuyambira 2010 nazo zinasamukira ku CVT, ndiye dzina lokha lisakunamizeni, funsani chaka.

Komabe Vitz ili ndi pake. Imakhazikika bwino pamsewu liwiro likakwera, pamene Passo, poti ndi yaitali m'mwamba ndiponso yofewa, imapendama pokhota. Ndipo mukapeza Vitz ya 1300cc ya masilinda anayi, mitunda ya M14 simuimvanso ngati mmene mungaimvere pa 1000cc mutadzaza anthu.

Honda Fit ndiyo yotakasuka mkati kuposa zonsezi. Thanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, n'chifukwa chake mipando yakumbuyo imapindika mpaka pansi, moti masipika ndi matumba a mpunga wa kilombero zimalowa osavuta. Mphamvu ilinayo. Chovuta ndi Fit yoyamba, ya 2001 mpaka 2007. Injini yake ya 1300cc ili ndi mapulagi 8 ndi makoyilo 8, awiri pa silinda iliyonse, ndipo anayi akumbuyo amaiwalika kawirikawiri pa sevisi, galimoto n'kumadukiza. CVT yake imadziwikanso ndi kunjenjemera ponyamuka. Poiyesa, imani kotheratu, kenaka nyamukani pang'onopang'ono pakamtunda, katatu kapena kanayi injini itatentha. Ikamagwedezeka musanafike liwiro la njinga ya kabaza, mwina kusintha oyilo wa CVT n'kuthira wa Honda kungathandize, mwinanso kilatchi ya mkati yatha. Za kuyambira kumapeto kwa 2007 zinasinthidwa kapangidwe ndipo vutoli n'lochepa. Kutsogolo kwa Fit n'kotsika, ndiye pa msewu wafumbi wa mizere yakuya bampala imakhula pansi.

Kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo, galimoto zonse ziyende njira imodzi, ndi anthu omwewo, AC ili chimodzimodzi, mpweya wa m'matayala uli monga zalembedwera pa chomata cha pakhomo la dalaivala. Fikani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha kale imabisa utsi ndi kulira kwa tcheni. Za mafuta musadalire geji. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, pitani ku Nkhotakota n'kubwerera, makilomita oposa 200, mudzazenso pa pampu yomweyo, mugawe makilomita ndi malita. Mwachitsanzo, makilomita 220 pa malita 14 ndiye kuti pafupifupi makilomita 15.7 pa lita. Ulendo wa ku Senga Bay wokha ndi waufupi, kusiyana kwa theka la lita podzaza kumasokoneza masamu onse.

Mukabwerako, isiyeni injini ikulira mphindi khumi AC ili yoyaka, muone ngati fani ya redieta ikudzuka yokha. Zambiri mwa galimotozi zilibe singano ya kutentha, zili ndi kanyali kokha, ndipo kofiira kakamayaka zinthu zimakhala zafika kale patali. Pa mabampu zimitsani wailesi: kugogoda kwa pansi ndi mabushi kapena ma link, kudumphadumpha mutadutsa bampu ndi ma shock. Phokoso limeneli lijambuleni foni ili pansi pafupi ndi mapazi, omvera adzalizindikira pa galimoto zawo. Woyendetsa akhale wa laisensi, asagwire foni kapena maikolofoni, ndipo COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi muzione musanatuluke pageti.

Kwa woyenda m'tauni ndi ku Senga Bay yekha kapena awiri, Mira yosamalidwa bwino ikukwana. Wopita ku Lilongwe kawirikawiri asankhe Vitz ya 1300cc, bola pakhale umboni woti oyilo wa CVT ankasinthidwa ndi woyenera. Koma kwa wophunzira wa m'thumba mopepuka amene azilowa misewu yafumbi n'kumakonzetsa kwa makaniko wapafupi, Passo ya magiya anayi ndiyo sidzamusowetsa tulo. Fit yoyamba muigule pokhapokha yapambana mayeso a ponyamuka aja.