Pampu ya dizilo ikafa: kumasula wekha kapena kupita ku galaja?

Hilux yanga ya injini ya 3L inayamba ndi kuvuta kulira m'mawa. Ikalira, inkatulutsa utsi woyera ngati munthu akuwotcha zinyalala zonyowa. Ndinkangozengereza mpaka tsiku lomwe inandichititsa manyazi ndikuchokera ku Chikwawa ndi matumba a chimanga. Nditangodutsa pa Thabwa n'kuyamba mapiri aja, mphamvu zinatheratu, ndinakwera ndi giya wani malole akundipitirira. Aliyense amene ndinamufotokozera anangoti, "Achimwene, imeneyo ndi pampu," kutanthauza pampu yokankhira dizilo mu injini. Apa m'pamene mutu unayamba kuwawa: ndisinthe ndekha pakhomo ku Machinjiri, kapena ndikaisiye ku galaja?

Ndiyambe ndi chinthu chimene anthu ambiri amachidumpha. Zizindikiro za pampu yakufa n'zofanana ndi za matenda ena otchipa kwambiri. Filter yotsekeka imapha mphamvu pachitunda. Paipi yong'aluka yolowetsa mpweya, kapena kapampu kopopa ndi dzanja kali pamwamba pa filter kaja kakatha, galimoto imavuta kulira m'mawa. Ma heater plug, otenthetsa mkati mwa injini isanalire, akapsa ndi chimodzimodzi. Nozo, zomwe ndi ma injector opopera dizilo m'masilinda, zikatha zimatulutsa utsi. Ngakhale kawaya ka solenoid yotsekera mafuta kakamasuka, injini siilira n'komwe. Zonsezi munthu utha kuziona wekha Loweruka limodzi, ndipo apa kudzichitira kumapambana kutalitali, chifukwa makaniko wofuna ndalama za msanga sachedwa kunena kuti pampu yapita. Kwa ine zonsezo zinali bwino. Pampu inkadontha dizilo, ndipo injini ikatentha n'kuizimitsa sinkafunanso kulira mpaka itazizira. Mkati munali mutatha. Ndikudziwa chinaipha: dizilo wa m'zigubu amene tinkagula kwa mavenda nthawi ya mizere pa ma filling station. Pampu imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake ziziterera, ndiye mukamuthira madzi kapena palafini, zimadyana.

Tsono kusintha wekha kumapulumutsa chiyani? Ndalama ya ntchito basi. Pampuyo mugulabe, ndipo ndi imene imadya gawo lalikulu la ndalama. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mutu, ndiye ambirife timathamangira za kaunjika ku Ndirande kapena ku Limbe. Kumeneko pampu amakupatsa itapukutidwa bwino, koma ndi maso sungadziwe ngati mkati muli moyo. Wogula yekha akanyamula yakufa, yake yada. Akabwerera amuuza kuti waiwononga pomanga. Galaja ikagula yokha n'kumanga, vuto likabwerera muli ndi pokagogoda. Mukasankha kugula nokha, werengani nambala imene ili pa kachitsulo ka m'mbali mwa pampu yakaleyo. Za Toyota zimayamba ndi 22100, koma manambala otsatirawo ndi amene amanena injini yake. Pampu ya 2L, ya 3L ndi ya 5L zimaoneka ngati mapasa koma muyeso wa mafuta ndi wosiyana.

Ntchito yomasula payokha si yoopsa kwa munthu wozolowera sipanala. Pa injini za L zimenezi, zomwe zilinso m'maminibasi ambiri a Hiace, pampu imayendetsedwa ndi lamba wa timing. Muchotsa fani, malamba akunja, pulley ya pansi ndi chivundikiro, muzungulitsa injini mpaka zizindikiro zitatu zija zigwirizane, ya pa crank, ya pa cam ndi ya pa pampu, kenako mumasula mapaipi anayi opita ku nozo osawapinda. Pulley ya pampu imafuna puller, chida choizulira. Amene amaimenya ndi hamala amaphwanya pampu yatsopano isanagwire n'komwe ntchito. Poti lamba wachoka kale, ikani watsopano ngati akuyandikira makilomita 100,000. Pa Nissan ya TD27 palibe lamba, ndi magiya, koma nkhani ya zizindikiro ndi yomweyo.

Pamene pamagona nkhani ndi pa timing. Lamba mukamuphonya ndi mano angapo, pisitoni imakumana ndi valavu, ndipo m'malo mwa pampu mudzakhala mukufunafuna cylinder head. Ngakhale mano onse ali m'malo, pampu imayenera kupendekedwa pang'ono pa mabawuti ake mpaka izithira mafuta pa nthawi yake. Muyeso wake umatengedwa ndi dial gauge, kachida koyezera kooneka ngati wotchi, yolowetsa kumbuyo kwa pampu, pakati pa mapaipi anayi aja, ndipo kusiyana kwake n'kochepa kuposa milimita imodzi. Ikafulumira injini imagogoda ngati muli misomali. Ikachedwa, utsi woyera, kulira movuta, kutentha. Amakaniko ena a pansi pa mtengo amatchera ndi khutu, ndipo sindinama, alipo madala amene khutu lawo limalasa. Koma inu ndi ine amene timachita zimenezi kamodzi pa zaka zisanu tilibe khutu limenelo. Ngati simungapeze dial gauge yobwereka, ndalama imene mwapulumutsa idzathera pa dizilo mwezi ndi mwezi osadziwa.

Ku galaja nakonso si kumwamba. Mnzanga wina woyendetsa minibasi ya Bangwe anasiya galimoto pa galaja ina sabata ziwiri, tsiku lililonse "bwana, mawa", iye osapeza ya ndiwo. Ataitenga anapeza kuti pampu ndi yake yomwe ija, angoitsuka ndi kusintha ma seal, koma analipira ngati agula ina. Komanso magalaja ambiri alibe makina oyezera pampu. Amaimasula n'kupita nayo kwa akatswiri a mapampu okhaokha amene ali ndi test bench, kenako n'kuwonjezerapo yawo pa mtengo. Mukapita ku galaja, funsani poyera kuti pampu ikayezedwa kuti, nenani kuti yakaleyo akubwezereni, ndipo chitsimikizo cha miyezi imene alonjeza chilembedwe pa lisiti. Makaniko amene wakwiya ndi mafunso amenewa wakuyankhani kale.

Ine ndinadutsa pakati. Ndinamasula ndekha, n'kukulunga pampu m'pulasitiki woyera nditatseka mabowo onse, chifukwa fumbi la mwezi wa October ndi mdani wa pampu, n'kupita nayo kwa a test bench. Anaitsegula ndikuona, anandisonyeza plunger, kachitsulo kokankha dizilo mkati mwa pampu, itakalika, anasintha zofunika, n'kuiyeza kuti mapaipi onse anayi azitulutsa mafuta ofanana. Kutsegula mkati mwa pampu pakhomo ndiye ayi, musayerekeze. Governor, yoletsa injini kuthamanga mopitirira muyeso, ikamangidwa molakwa injini imatha kuthamanga yokha, ndipo ukapanda kuizimitsa msanga imadziphwanya uli chiimire. Pomanga ndinaitana mdala wina wa dial gauge, ndinamulipira ya ola limodzi lokha. Ndinatsukanso thanki, poti kuika pampu yabwino pa thanki ya madzi ndi matope n'kutaya ndalama kawiri. Kuchotsa mpweya kunali kophweka: kupopa mpaka kapampu kalimbe, kumasula pang'ono manati a pa nozo, kuliza sitata mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, n'kumanganso.

Zonse ndanenazi ndi za injini zakale. Amene muli ndi Hilux ya D-4D, ya 1KD kapena 2KD, kapena galimoto ina iliyonse ya common rail, yomwe dizilo wake amaunjikidwa mu paipi imodzi (rail) n'kugawidwa ndi kompyuta, nkhani yanu ndi ina. Mphamvu ya mafuta m'mapaipi amenewo imatha kupitirira 1,300 bar, yokwanira kuboola khungu, ndiye zomasula nati injini ikulira muiwale. Kawirikawiri chimene chafa si pampu yonse koma valavu yaing'ono yoyeza mafuta olowa mu pampu yotchedwa SCV, ndipo amene angakuuzeni ndi kompyuta yoyezera. Pampu ikasinthidwa, pamafunikanso kompyuta yomweyo kuti galimoto iizolowere yatsopanoyo. Ikakhala kuti yakale inanyenyeka n'kumwaza tizitsulo, ndiye kuti thanki, mapaipi, rail ndi ma injector zonse ziyenera kuonedwa, apo ayi yatsopanoyo sikhalitsa. Pamenepa ine sindingagwire sipanala ngakhale mutandilipira. Ndingangofufuza galaja yokhala ndi malo aukhondo ndi kompyuta, n'kukhala pomwepo akumasula.

Hilux ija inakhala masiku anayi pa mwala. Sabata yotsatira ndinabwereranso ku Chikwawa ndi katundu wofanana, ndipo mapiri a pa Thabwa ndinawakwera ndi giya thuu ndi fili. Zigubu zija ndinazipereka kwa mayi a kunyumba, akutungira madzi othirira dimba.