Mikisa ya Yamaha MG12XU pa nthawi ya malilime ndi uneneri

Mipingo yambiri kuno ku Lusaka, ya m'makalasi a sukulu ku Kanyama, Chawama ndi Matero ngakhale ya m'matchalitchi amalata ku Mtendere, ikamagula mikisa, makina osakanizira mawu a mamaiki ndi zoimbira, imaganizira oimba okha. Ife taiyesa MG12XU pa ntchito ina, imene Paulo analamula pa 1 Akorinto 14:27-31: olankhula malilime akhale awiri, osaposa atatu, mosinthana, wina amasulire; aneneri awiri kapena atatu, ena aziyesa mawuwo; ndipo wina akalandira vumbulutso, woyamba akhale chete. Pa ntchito imeneyi mikisa iyi ndi yoyenera, ndipo chifukwa chachikulu ndi kabatani kamodzi.

Chanelo iliyonse, ndiye kuti njira ya maiki kapena choimbira chimodzi, ili ndi batani la ON lomwe limayaka. Mukalizimitsa, maiki ija siitulukanso m'masipika, koma kuchuluka kwa mawu komwe munakonza kumakhala pomwepo. Mng'ono wake, MG10XU, amene ambiri amathamangira poti ndi wotchipirako, alibe batani limeneli, alibenso ma fader, timakonono tokankha m'mwamba ndi pansi pokweza kapena kutsitsa mawu. Kuti mutontholetse maiki muyenera kupotoza kakonono mpaka pansi, ndipo pobweza mumangoyerekeza. Zotsatira zake n'zakuti wa pamikisa amangosiya mamaiki onse otsegula, ndiye mlongo akayamba kulankhula malilime, oimba atatu amene agwira maiki amalowanso, ndipo womasulira samveka ngakhale alipo.

Mikisayi ili ndi polowetsa mamaiki 6. Tikulangiza kuwagawa motere: chanelo 1 ya abusa kapena wotsogolera mapemphero, 2 ya maiki imodzi yokha imene aliyense wobweretsa lilime kapena uneneri azigwiritsa ntchito, 3 ya womasulira, 4 ya wotsogolera nyimbo, 5/6 ndi 7/8 za oimba, kiyibodi pa 9/10. Maiki ya pa 2 ikhale imodzi ndithu. Ikakhala imodzi anthu amasinthana okha, chifukwa wachiwiri amadikira kuti aipatsidwe. Ndipo mukumbukire kuti kuno omasulira alipo a mitundu iwiri: amene amatembenuza ulaliki wa Chingerezi kupita m'Chinyanja kapena m'Chibemba, ndi amene ali ndi mphatso yomasulira malilime. Ngati ndi anthu awiri osiyana, agwirizane kale za maiki ya pa 3, asamalandane pamaso pa mpingo.

Ma chanelo 1 mpaka 4 ali ndi COMP, kakonono kamodzi kochepetsa kusiyana kwa mawu apansi ndi ofuula. Apa mpofunika kwambiri, chifukwa wonenera kawirikawiri amayamba monong'ona n'kumaliza mokuwa. Pa chanelo 2 ndi 3 ikani COMP pakatikati. Mukaipotoza mpaka kumapeto imakweza phokoso lonse la m'chipinda ndipo masipika amayamba kulira mluzu. GAIN, kakonono ka mphamvu ya mawu olowa kuchokera pamaiki, muikonze mapemphero asanayambe: wina afuule pamaiki monga mmene zimakhalira pa mapemphero a usiku wonse, inu mukweze mpaka nyali ya PEAK, yochenjeza kuti mawu achuluka, iziphethira mwa apo ndi apo, kenaka mubwezeko pang'ono. Dinani HPF pa mamaiki onse a mawu; imadula kugunda kwa pansi pa 80 Hz, komwe ndi kwa mapazi, kwa dzanja pamaiki ndi kwa mphepo ya pakamwa.

Batani la PFL nalo ndi la mtengo wapatali. Limakulolani kumva chanelo m'mahedifoni ngakhale ON ili yozima, choncho mutha kudziwa ngati batire ya maiki yopanda waya yatha musanaitsegulire womasulira.

Chimene chingawononge zonsezi ndi echo. Mikisayi ili ndi mapulogalamu 24 okometsera mawu, ndipo achinyamata athu amawakonda mopitirira muyeso. M'kalasi ya simenti pansi, malata osatchinga pamwamba, chipindacho chimabweza kale mawu. Mukawonjezera echo pa uneneri, amayi okhala kumbuyo amangomva kuti kwalankhulidwa zamphamvu koma sangabwereze chiganizo chimodzi. Paulo yemweyo pa vesi 7 mpaka 9 akunena za chitoliro, zeze ndi lipenga zimene sizimveka bwino, ndipo pa vesi 16 akufunsa mmene munthu angavomerezere Amen pa zimene sanazimve. Kakonono ka FX, kotumiza mawu ku echo, pa chanelo 1, 2 ndi 3 kakhale pa ziro. Echo ndi ya oimba, nayonso pang'ono.

Woimba kiyibodi amene amapitiriza kuliza pansi pa uneneri ndi vuto lina. Tumizani ma chanelo 4 mpaka 9/10 ku GROUP 1-2, gulu lokhala ndi fader yakeyake, m'malo mwa ST, njira yopita mwachindunji kumasipika, kenaka dinani ST pa GROUP pomwepo. Mukatero fader imodzi imatsitsa oimba onse ndi kiyibodi nthawi imodzi. Anthu ambiri amalakwitsa posiya mabatani onse awiri odinidwa pachanelo, ndiye akatsitsa GROUP nyimbo zimapitirirabe.

USB yake imatumiza mawu ku kompyuta, ndipo izi zimathandiza akulu ampingo kuyesa uneneri monga vesi 29 ikunenera, pomva mawu enieni osati zimene aliyense akukumbukira. Chofooka n'chakuti imajambula zonse zosakanizidwa kale, simungapatule maiki imodzi pambuyo pake. Zojambulazo zikhale m'manja mwa akulu. Mawu onena za banja kapena matenda a munthu si oika pa Facebook.

Pali zina zotidandaulitsa. Batani la +48V, lopereka magetsi kwa mamaiki ena amene amawafuna, ndi limodzi la mamaiki onse, ndipo kulidina masipika ali otsegula kumaphulitsa phokoso loopsa. Mikisayi ilibe ampu, chopatsa masipika mphamvu, mkati, choncho mufunika masipika okhala ndi ampu yawoyawo kapena ampu yapadera. Muwerengeretu ndalama imeneyo. Pogula m'tauni kapena ku Kamwala, tengani maiki ndi mahedifoni, muyese chanelo iliyonse, ON ndi PFL, mufunsenso pepala la chitsimikizo.

Batani la ON lili ndi ngozi yakenso: limaika mphamvu m'manja mwa mnyamata wa pamikisa. Iye asamaweruze yekha kuti mlongo uyu wakwana. Vesi 32 ikuti mizimu ya aneneri imamvera aneneri, ndipo woimitsa munthu ndi wotsogolera mapemphero, mwaulemu, ndi mawu ake. Gwirizanani chizindikiro cha dzanja, ndipo mikisa iikidwe pamene wa pamikisa akuona nkhope ya abusa, osati kuseri kwa masipika.

Za magetsi: mikisayi imalandira 100 mpaka 240 V, komabe malaiti akapita n'kuyatsa jenereta, yambani mwazimitsa masipika. Jenereta ikakhazikika yatsani mikisa, masipika pomaliza. Pozimitsa, masipika ndiwo ayambe.