Chimbale choyamba cha Led Zeppelin chimafuna masipika awiri

Chimbale choyamba cha Led Zeppelin, gulu loimba rock la ku England, chinatuluka mu Januwale 1969, nyimbo 9 zojambulidwa ku Olympic Studios ku London m'maola pafupifupi 36. Mphamvu yake ili pa ng'oma za John Bonham. Mu "Good Times Bad Times" amagunda ng'oma yaikulu ndi phazi limodzi, koma mwachangu moti mungaganize kuti ndi ziwiri. Oimba rock ambiri anaphunzirira pamenepa. Jimmy Page naye amakwecha zingwe za gitala ndi uta wa vayolini mu "Dazed and Confused".

Mukamakalowetsa nyimbozi mu fulashi mumsika wa Mzuzu, pemphani MP3 ya 320 kbps (nambalayi ikakhala yaikulu, mawu amamveka bwino), chifukwa ya 128 imawononga kulira kwa zitsulo za ng'oma. Kasipika kamodzi ka Bluetooth kamasakaniza mawu akumanzere ndi akumanja, komanso sikatulutsa bwino besi ya John Paul Jones. Pezani masipika awiri kapena mahedifoni.